Timakina Totchipa ta M'makutu Mwanga

Ndakhala ndikukonza mawailesi zaka makumi anayi, ndiye munthu asandiuze za phokoso. Wailesi ikamalira, ndinkadziwa ndili pakhomo kuti chavuta ndi sipika, waya kapena mwini wake. Koma makutu angawa anandithawa mwakachetechete, ngati munthu wa lendi wosamuka osatsanzika.

Zinayamba ndi tinthu ting'onoting'ono. Mbalame za pa waya wa magetsi zinaleka kulira. Ketulo inasiya likhweru lake, ine n'kumati maketulo a masiku ano ndi achinyengo. Pa makaseti anga ng'oma ndi besi zinatsala, koma zitoliro ndi mawu a akazi zinkamveka ngati zili m'nyumba ya aneba. Ndinamasula wailesi yanga ya kaseti katatu konse. Ndinapukuta mutu wake ndi thonje, ndinasintha lamba, ndinasintha sipika. Mmisiri amaimba mlandu chipangizo, khutu lake ayi.

Zonsezo ndikanapirira. Chimene chinandipweteka n'chakuti akazi anga analeka kuimba.

Mayi ameneyu ndinamukonda ndisanamuone nkhope. Ndili mnyamata, kashopu kanga kanagundana ndi chipinda chositiramo zovala, ndipo pakati panali khoma la matabwa. Tsiku lililonse kuseri kwa matabwawo kunkachokera mawu opyapyala, okwera, oyenda limodzi ndi kugunda kwa simbi. Ndinawotcha mawailesi awiri a eni ake chifukwa chomvetsera. Nditalimba mtima n'kukasuzumira pakhomo, nyimbo inaduka pomwepo. Khalidwe lake ndi lomwelo mpaka lero: ukangomuyang'ana, amatseka pakamwa. Choncho titakwatirana tinakhala ndi pangano losalemba. Iye akamasita masana m'chipinda chakumbuyo, ine ndimakhala pa mpando wanga wa pabalaza, chitseko chili chotsegula pang'ono, nkhope yanga italoza kuzenera.

Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo mng'ono wake anamwalira, yemwe ankaimba naye ali ana. Titabwerako kumaliro, m'chipinda chakumbuyo munangoti zii. Ndinati ndi chisoni, chidzatha. Mwezi unatha, chaka chinatha, simbi yokha n'kumagunda. Sindinafunse. Ndinkaopa kutokosa chilonda, ndiponso amuna a msinkhu wanga timatha kumasula wailesi koma pakamwa pathu timalephera.

M'malo mofunsa ndinapeza nzeru yanga ya umisiri. Panali nyimbo ina imene ankaikonda kuposa zonse, ya mayi wina woimba ndi gitala mmodzi ndi chitoliro. Chakumapeto kwake woimbayo amakwera n'kugwira liwu limodzi nthawi yaitali, mpaka iwe womvera umayamba kumupumira. Akazi anga ankalifika liwu limenelo osavutika, simbi ili m'manja. Ndiye masana aliwonse akayamba kusita, ndinkaika kaseti imeneyo n'kukweza, kuti mwina nyimboyo iwakoke. Poyamba ankatulukira pakhomo.

"Tsitsani, bambo! Mukufuna aneba atisamutse?"

Ndinkatsitsa pang'ono, mawa lake n'kukwezanso. Kenako anasiya kudandaula. Ndinalakalaka mawu amenewo kuposa mmene ndinalakalakira chinthu china chilichonse, ndipo ndinkakhala pampandopo ngati munthu wodikira basi pamsewu umene unatsekedwa.

Amene anandikokera kwa oyeza makutu ndi mwana wanga wachisamba. Ameneyu anatengera liuma langa, ndipo tikakangana amapambana chifukwa iye amamva zimene ndikunena.

"Ababa, dzulo ndinagogoda mpaka dzanja kutupa. Amayi akuti mpopi wa kukhitchini wakhala ukudontha miyezi itatu, inu mukuti sukudontha."

"Anthu a masiku ano mumalankhulira m'mphuno," ndinatero.

"Chabwino. Tiyeni akakuuzeni ena kuti dziko lonse likulankhulira m'mphuno."

Woyeza makutu anali mayi wa magalasi, wodekha, wolankhula akukuyang'ana m'maso. Anandilowetsa m'kachipinda kokhala ndi makoma ofewa, nandiveka zomvera kumutu, nandipatsa batani loti ndizidina ndikamva kulira. Poyamba ndinadina monyada. Kenako kunangoti zii, ine n'kumaganiza kuti makina awo afa, mpaka ndinafuna kuwapempha sikuludiraiva. Pagalasi ndinaona mwana wanga akuyang'ana pansi.

Atanditulutsa anandionetsa pepala. Panali mzere woyamba bwinobwino kumanzere, kenako n'kutsetsereka kumanja ngati njira yopita kudambo.

"Mawu otsika mukumva, bambo," anatero mayiyo. "Okwerawa ndi amene anapita kalekale. Mbalame, malikhweru, mawu a ana ndi a akazi akamalankhula motsitsa."

Ndinagwedeza mutu ngati ndamvetsa. Maganizo anga onse anali pa kaseti imene inali m'chikwama changa.

Anayala kansalu patebulo n'kuikapo timakina ta mitundu itatu. Toyamba tinali tating'ono ngati nyemba, tobisala m'khutu, tolumikizana ndi foni. Mtengo wake atautchula, ngakhale ine gonthi ndinaumva bwinobwino. Tachiwiri tinali tapakatikati. Tachitatu tinali tonenepa, tokoleka kuseri kwa khutu, ta mtundu wa sopo wochapira, tokhala ndi kagudumu kokwezera ndi chala.

"Titenga toyambato," anatero mwana wanga. "Ndakambirana kale ndi apongozi anu, tizilipira pang'onopang'ono."

Ndinkadziwa kuti denga la nyumba yawo likudontha ndipo ana awiri ali pasukulu. Koma sindinanene zimenezo, chifukwa akanandigonjetsa. Ndinangotsegula chikwama n'kutulutsa wailesi yanga ya kaseti.

"Ababa! Pano si pashopu panu."

"Munthu sagula wailesi osaiyatsa, mwanawe. Mayi, mundilole."

Woyeza makutu anaseka nasuntha mapepala ake. Anandiveka todulato, ndipo ndivomereze, mawu a mwana wanga anamveka oyera ngati ali wamng'ono. Ndinadina kaseti. Gitala analowa, chitoliro chinabwera chimene ndinali nditachiiwala. Woimba uja anakwera, nagwira liwu lake lija. Linangokhala kamphindi, kenako linanjenjemera n'kuzimiririka, ngati wina waliphimba ndi pilo.

"Kaseti yanu yatha, ababa."

"Kaseti ili bwino. Bwezeretsa."

Tinabwereza, zinachitikanso pamalo omwewo. Mayi uja anavula magalasi.

"Mwagwira chinthu chenicheni, bambo. Timakinati tili ndi nzeru. Tikamva liwu limodzi lokwera likukhalitsa, timaganiza kuti ndi kulira kwa makina, kuja kumachitika maikolofoni ikayandikira sipika, ndiye timalizimitsa. Tinapangidwira kumva zolankhula. Ndikhoza kutisintha pakompyuta kuti tizilekerera nyimbo, koma muzikumbukira kudina pafoni nthawi iliyonse."

"Ndiye kuti woimba azidikira ine ndipeze foni?" ndinafunsa. "Chikomekome cha mkuyu. Bweretsani enawo."

Tapakati tija tinachita chimodzimodzi, kungoti mwaulemu pang'ono. Kenako anandikoleka tonenepa tija. Mayo ine, phokoso! Mpando unalira, pepala linakhwekhwereza, ndinamva mpweya wanga womwe ndi malovu ndikumeza. Nyimbo inamveka ngati ikuchokera m'chitini. Koma woimba uja atakwera, liwu lija linakhala. Linakhala mpaka kumapeto kwake, lonse lathunthu, mmene analisiyira mwini wake. Ndinayang'ana kukhoma chifukwa maso anga anali atayamba zawo.

"Iti tilibe nzeru," anatero mayiyo. "Timangokweza chilichonse. Pamsika mudzatopa nato, m'basi mudzafuna kutitaya, ndipo mabatire ake ndi a sabata ndi sabata."

"Nzeru ndili nazo kale, mayi. Chimene ndikusowa ndi makutu."

Mwana wanga anayesa kukana, akuti anthu aziona ngati iye ndi woumira. Ndinamuuza kuti anthuwo akabwere ndi makutu awo adzasankhe. Ndinalipira ndekha, ndi ndalama zimene ndinapeza nditagulitsa zida za kushopu.

M'basi ndinatizimitsa, mayi uja sananame. Mwana wanga anandisiya pageti n'kuthamangira kuntchito. Inali nthawi ya masana, dzuwa litapendeka pang'ono, nthawi yosita. Ndinalowa mwakachetechete, ndinakhala pampando wanga, ndinaika wailesi ya kaseti pamiyendo. Ndinati lero ndiimve bwino nyimboyi, mwina ndidziwe chimene akazi anga amaikanira. Ndisanadine kaseti, ndinapukusa kagudumu kuseri kwa khutu.

Wotchi ya pakhoma inayamba kuyenda. Kukhitchini mpopi unkadontha, tho, tho, tho, monga anandiuzira. M'chipinda chakumbuyo simbi inagunda patebulo.

Ndipo munthu ankaimba.

Ndinayang'ana chala changa, ndinaona kuti sichinadine kanthu. Inali nyimbo yomwe ija, yopanda gitala, yopanda chitoliro, ikudutsa pa mpata wa chitseko. Ndinagwira mikono ya mpando. Ndinadikira malo aja okwera monga ndinkachitira kale, ndikupuma m'malo mwake. Atafika pamenepo sanakwere. Anatsikira pansi, mawu akusasa, ndipo liwu lija linaduka pakati kuti apume. Anatsokomola kamodzi, natembenuza malaya, napitiriza.

Mawu amenewo sindinkawadziwa. Anali a mayi wokalamba. Ine ndinali nditasunga m'mutu mawu a zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ndipo pakati ponsepo anali atasintha pang'onopang'ono, tsiku ndi tsiku, ine ndili pampando pomwepo.

Ndinaphwanya pangano lathu, ndinakankha chitseko. Nyimbo inaduka.

"Mwabwera? Tiyeni tione," anatero, akuimika simbi. Anandizungulira n'kuseka. "Ankhutukumve agula makutu a pulasitiki! Koma ndiye ndi aakulu, ngati zogwirira za poto."

"Mayi, mwayambanso liti kuimba?"

"Kuyambanso? Ndinasiya liti?"

"Chimwalirire mng'ono wanu."

"Ndinakhala chete miyezi iwiri, mwina itatu. Kenako ndinayambiranso. Munthu ungasite mulu wonsewu kukamwa kuli gwa?" Anakhala pamphepete pa bedi. "Ndiye zaka zonsezi pampando paja mumamvera chiyani?"

"Ndimadikira."

"Nanga kaseti ija?"

"Ndimati mwina ikukumbutsani. Ndimati mukaimva mudzayamba."

Anagwira pakamwa. Ndinaganiza kuti aseka, koma sanaseke.

"Ine ndimadziwa kuti makutu akuvutani," anatero motsitsa, ndipo ndinamva liwu lililonse. "Koma mumabwerabe kudzakhala pampando paja nthawi yake yomweyo, ndiye ndimati mukumva. Ndikangoyamba, inu n'kuyatsa mtsikana wanu wa m'kasetiyo, n'kukweza mpaka mawindo kunjenjemera. Ndimati mukundiuza kuti mawu anga anatha, ndimvereko mmene amaimbira anzanga. N'chifukwa chake ndinasiya kukuuzani kuti mutsitse. Ndinkangoimbira malayawa."

Safunsa anadya phula, amatero akuluakulu, koma sanena kuti phulalo umadyetsako ndi mnzako. Ndinangoima pamenepo ndi timakina tanga tonenepa, ndikumva simbi ikuthetheka pozizira.

"Imbaninso," ndinatero.

"Mukundiyang'ana chonchi? Simunandidziwebe?" Anapukuta m'maso ndi kolala ya malaya anga amene anali atangosita kumene. "Komanso pamwamba paja sindifikapo masiku ano. Munachedwa, bambo."

Ndinabwerera pabalaza. Ndinachotsa mabatire mu wailesi ya kaseti n'kuiika pansi pa kabati. Chitseko ndinachisiya chotsegula pang'ono, mpando ndinaulozetsa kuzenera. Wotchi inkayenda, mpopi unkadontha, pa waya wa magetsi panali mbalame ziwiri zikukangana. Simbi inagunda kamodzi, kawiri, kakhumi, popanda china chilichonse.

"Mwayatsa timakinato?" anafunsa ali m'chipindamo.

"Ndayatsa."

"Musakweze kwambiri. Mungamve ndi zolakwika zomwe."

Ndinapukusa kagudumu kaja mpaka kumapeto, n'kudikira.