Mphindi Zisanu ndi Ziwiri za Lachisanu

Ku ofesi ankamutchula kuti Wachangu, chifukwa ntchito ya sabata yonse iye ankaimaliza Lachitatu n'kuyamba kuzungulira m'matebulo a anzake ngati woyang'anira mayeso. Ndi iyeyo amene analemba pulogalamu ya pafoni yolembetsera odwala maso ku chipatala china. Munthu ankalemba dzina n'kudina batani, foni n'kutumiza dzinalo ku seva, kompyuta yaikulu yosunga mndandanda. Zikatheka, pafonipo pankabwera chizindikiro chobiriwira.

Za netiweki anaziganizira bwino, tisamunamizire. Ikaduka, foni inkadikira pang'ono n'kuyesanso mpaka katatu, kenako n'kumuuza munthu mosabisa kuti dzina silinapite. Chimene sanachiganizire n'chakuti seva ikhoza kuyankha, koma kuyankha kokana. Kwa pulogalamu yake, yankho linali yankho basi.

Lolemba m'mawa, tiyi ali m'manja, anatsegula zolemba za seva mwachizolowezi chabe. Anapeza kuti Lachisanu masana, tsiku lomaliza kulembetsa opaleshoni ya ng'ala, anthu anachuluka ndipo seva inalema kwa mphindi zisanu ndi ziwiri. Aliyense inkamuyankha kuti yatanganidwa, ayesenso nthawi ina. Mafoni ankalandira mawu amenewo n'kuonetsa chobiriwira. Anthu khumi ndi mmodzi anakhala ali phee kunyumba, akudikira tsiku lawo, pamene mayina awo sanafike kulikonse.

M'zolembazo munatsala manambala a foni okha. Nambala yachisanu ndi chitatu sanafunikire kuiwerenga kawiri. Inali ya apongozi ake, bambo a mkazi wake, amene diso lamanzere linali litatsekeratu ndipo lamanja linkangoona mbuu. Iyeyo ndi amene anawaikira pulogalamuyo, n'kuwaletsa kukaima pamzere kuchipatala, ati zimenezo n'zachikale. Manyazi anamugwira mpaka tiyi anazizira osamwedwa.

Kukonza sikunavute, ndipo n'zimene zinamupweteka kwambiri. Mizere isanu ndi umodzi yokha ya pulogalamu: foni iziwerenga yankho isanaonetse chobiriwira, seva ikati yatanganidwa idikire n'kuyesanso, ikakanitsitsa munthu auzidwe. Anayesa pochititsa dala seva yoyeserera kuyankha kuti yatanganidwa, uthenga wofiira n'kubwera bwinobwino.

Anaimbira mlembi wa kuchipatala. Mayiyo anamumvetsera mpaka kumapeto, n'kumuuza kuti mabedi adzaza, mndandanda unapita kale kwa madokotala, ndipo madokotalawo adzabweranso pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Wachangu anachonderera dzina limodzi lokha. Mlembi anamufunsa kuti nanga khumi enawo alibe maso.

Mnzake wa tebulo loyandikana anamulangiza kuti angotumiza uthenga umodzi kwa onse, wonena kuti panali vuto la makina, pakuti makina sakwiya akanamiziridwa. Wachangu anakana, natuluka pakhonde n'kuyamba kuimba mmodzimmodzi. Ena anamutukwana, wina anadula foni, mayi wina anangofunsa tsiku latsopano. Nambala yachisanu ndi chitatu anailumpha, n'kuibwerera onse atatha.

Apongozi anayankha mosangalala. Anati chikwama alongedza kale, ndipo mdzukulu wawo wamng'ono akamuonetsetsa nkhope sabata yamawa. Wachangu anawalonjera motalika kuposa masiku onse, kenako anawauza kuti dzina lawo silinafike.



"Ndi maso angawa, mwananga," anatero apongozi motsitsa mawu. "Ndiyenera kuti ndinadina polakwika. Pepani, ndakuchititsani manyazi kuntchito."

Wachangu anaona kuti akangokhala chete, nkhani ithera pomwepo, ndipo ngakhale mkazi wake sadzadziwa. Anagwira chitsulo cha khonde.

"Ayi bambo, munadina bwino. Chobiriwiracho munachionadi. Ndinalakwitsa ndine."

"Miyezi ingati?"

"Isanu ndi umodzi."

Apongozi anapumira m'mwamba, n'kuitana mdzukulu kuti awathandize kupeza pamene anaika chikwama, akatulutsemo zovala.