Mphumi pa Galasi

Alamu anga, amuna a achemwali, anapeza ntchito kunyumba yoonetsera zaluso imene anaimanga m'nkhalango kunja kwa tauni. Nyumbayo ndi yachilendo. Pakati pa chipinda chachikulu pali mtengo wamoyo wotulukira kudenga, kamtsinje kamadutsa pansi pa masitepe, ndipo khoma lonse loyang'ana kunkhalango ndi galasi lokhalokha. Wojambula pulani ankafuna kuti munthu asadziwe pothera nyumba ndi poyambira tchire. Ntchito ya alamu inali yopukuta galasilo.

Nthawi imeneyo n'kuti achemwali atasamukira kwanga ndi ana ndi masutikesi omwe, atatopa ndi mwamuna wokwatira mpando. Atamva za ntchitoyo anangoti, "Ntchito zapakamwa ndazimva kambiri. Ndikaione ndi maso angawa, apo ayi sindibwerera."

Ine ndinali nditalisowa bedi langa, choncho ndinawaperekeza.

Titangolowa tinapeza mulu wa zitsulo zadzimbiri wotchingidwa ndi chingwe.

"Izi zikudikira galimoto ya zinyalala?" anafunsa achemwali.

"Ndi luso limenelo, achemwali. Musakhudze, sitingathe kulipira."

Alamu anatulukira atavala yunifolomu, kansalu kali paphewa, akuyenda ngati nyumbayo anamanga okha.

"Ntchito yanu ija ndi iti, bambo a ana?" anatero achemwali.

"Ndi imeneyo, mayi," anayankha alamu akuloza kutsogolo.

"Mitengoyo? Mwadzala ndinu?"

"Ayi, galasi."

Achemwali anayang'ana, natsinzinira, nayang'ananso. Ankangoona masamba ndi mbalame.

"Achimwene, mwamva? Munthu akupukuta mphepo. Ndinkadziwa ine! Dikirani ndikakuthyolereni tsamba la pagalasi lanulo."

"Mayi, taimani!"

Koma achemwali akanyamuka saimitsika. Kunamveka kuti gu! Alendo onse anatembenuka, wina n'kukweza foni poganiza kuti ndi chionetsero.

Alamu anathamanga, kansalu kali m'manja. Ine ndinkayesa akuthamangira mkazi wawo. Anawadutsa. Anakaima pomwe mafuta odzola a pamphumi anasiya banga, nauzirapo mpweya, napukuta. Anabwerera m'mbuyo, napendeketsa mutu, napukutanso. Kenako m'pamene anakumbukira kuti anakwatira.

Mumtima ndinati basi, banja latha, msana wanga uzolowere simenti.

Achemwali anali atakhala pansi, dzanja lili pachotupa, maso ali pa alamu.

"Achimwene," anandiitana motsitsa mawu, "chibadwire munamuonapo munthu uyu akuthamangira ntchito?"

"Ngakhale kumaloto, achemwali."

"Ndidzutseni. Mukapeze galimoto, masutikesi aja abwerere lero."

Alamu anayamba kumwetulira, mano onse pamtunda.

"Musaseke inu," anatero achemwali. "Kunyumba kulinso mawindo. Muyambire lakukhitchini, ndipo mulisiyeko kafumbi pang'ono. Mphumi ndili nayo imodzi."