Nyumba Yosanja ya Mayi Yudita

A Hezekiya a ku Msumba anamangira anthu nyumba zaka makumi asanu, kuyambira ku Meluluca mpaka kumtunda ku Maniamba. Koma tsiku limene anafuna kugula njerwa zawozawo, foni inawauza kuti akadali mwana.

Njerwa zake sizinali zootcha ayi. Tinali tinjerwa tapulasitiki toseweretsa ana, tokhala ndi timitu pamwamba, togwirana ukatidinikiza. Anationa koyamba kwa mnzawo ku Metangula, adzukulu a mnzawoyo atatimwaza pakhonde. Mkuluyo anatola tiwiri n'kutilumikiza, ndipo titangoti khwa, mtima wawo unadumpha. Zinali zitatha zaka zitatu msana utawaletsa kunyamula njerwa zenizeni.

Chinawadumphitsa mtima chinali lonjezo lakale. Tsiku limene anagwira mpeni womangira koyamba, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, anauza amayi awo, a Yudita, kuti adzawamangira nyumba yosanja, yoti azidzaona mabwato asanafike pagombe. Kenako kunabwera nkhondo, kunabwera ana, kunabwera nyumba za eni. Paja woumba mbiya amadyera m'phale. A Yudita tsopano anali ndi zaka makumi asanu ndi anayi kudza zitatu, ankakhalabe m'kanyumba kawo kofolera ndi udzu, ndipo Khirisimasi iliyonse ankafunsa mwana wawo ngati masitepe aja auma.

Ndiye Loweruka lina m'mawa a Hezekiya anaitana mwana wawo Helena, mphunzitsi wa pasukulu ya pamishoni, kuti awathandize kugula pa intaneti kusitolo ina ya ku Maputo. Anasankha bokosi la tinjerwa mazana asanu ndi anayi, lokhala ndi mawindo, zitseko ndi masitepe. Helena anadina pogulira. Panatuluka mawu ofiira a Chipwitikizi, ndipo mayiyo atawawerenga anaseka mpaka kugwira m'mimba.

“Chikukusangalatsa n'chiyani?” anafunsa a Hezekiya.

“Ababa, akuti ndinu menor, mwana wamng'ono. Muli ndi zaka khumi ndi zitatu. Ogula pano ayenera kukhala ndi dezoito, zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, kupita m'tsogolo.”

“Ine? Imvi zonsezi?”

“Foni siiona imvi.”

Nkhani yake inali yachidule. Foniyo anawakonzera ndi mdzukulu wawo Hermínia asanapite kusukulu ku Lichinga, ndipo pamene inafunsa tsiku lobadwa, mwanayo analemba lake, poti la agogo ake sankalidziwa. Helena anayesa kusintha chakacho, koma foni inakana. Inati mwana sasintha yekha zaka zake, abwere kholo lake lionetse nkhope ndi bilyete, chiphaso chija cha boma.

“Palibe vuto,” anatero Helena. “Ndilowa ine ngati mayi wanu. Mphindi ziwiri basi.”

A Hezekiya anamuyang'ana ngati wawatukwana. Iwo anali munthu wowerenga mawu m'tchalitchi Lamulungu lililonse, ndipo bodza ankalizonda ngakhale lonamiza nkhuku.

“Iwe unandibereka liti? Akuti kholo. Kholo langa lilipo, si ilo likusenda chinangwa apolo?”

Anayankhula molimba mtima, koma m'kati anali ndi mantha. Cholinga chawo chinali kumanga mobisa, n'kukaipereka nyumbayo mwanthabwala, anthu aseke, nkhani ithe. Tsopano anayenera kukagwada pamaso pa amayi awo n'kuvomera ndi pakamwa pawo kuti nyumba yosanja yeniyeni ija sidzamangidwanso. Manyazi amenewo anawalemera kuposa thumba la simenti.

Anawapeza a Yudita pansi pa mtengo wa mango, dengu la chinangwa pamiyendo. Mkulu wa zaka makumi asanu ndi awiri kudza ziwiri ananjuta pang'onopang'ono, mawondo akulira, Helena ali pambuyo ndi foni.

“Amama, ndabwera kudzapempha chilolezo.”

Gogoyo sanadzutse n'komwe mutu. “Ukufuna kukwatiranso?”

“Ayi, amama. Ndikufuna kugula zidole.”

Apa mpeni unaima. Helena anafotokoza zonse, za foni, za Hermínia, za zaka khumi ndi zitatu zija. A Yudita anaseka mpaka chifuwa kuwagwira, naitana mayi wina woyandikana nawo kuti adzamve yekha, poopa kuti mawa angadzawatsutse.

“Makinawo ali ndi nzeru,” anatero akupukuta misozi. “Ine ndakhala ndikunena kuti ameneyu sanakule. Wasamba lero? Mbuzi wazitsegulira?”

“Ndazitsegulira, amama.”

“Nanga zidolezo n'zachiyani?”

A Hezekiya anayang'ana pansi. Anatola khoko la chinangwa n'kumalipindapinda.

“Msana wanga watha, amama. Nyumba yosanja ija sinditha kukumangirani. Ndimati ndimange ngakhale kakang'ono, kuti ndisapite kumanda ndili wabodza.”

Kuseka kunatha. Mayi woyandikana uja anakumbukira mwadzidzidzi kuti wasiya madzi pamoto. A Hezekiya anadikira chilichonse, kaya kukalipiridwa kaya kuliridwa. Gogoyo anangosasa makoko pachitenje.

“Helena, kanditengere duku langa loyera lopita nalo kutchalitchi. Bilyete ili m'buku la nyimbo. Anthu a ku Maputo asandione ngati ndachokera kumunda.”

Kujambulako kunatenga theka la ola. Foni inawauza kuti aphethire, iwo anatong'ola maso. Inawauza kuti atembenukire kumanzere, iwo anaifunsa kuti makolo ake ndani kuti izilamula akuluakulu chotero. Ulendo wachinayi inavomera, ndipo pomwepo Helena anakonza chaka chobadwa cha bambo ake, n'kugula bokosi lija.

“Uwauze a ku Maputowo kuti ndalola,” anatero a Yudita, “koma ameneyu asamasewere nazo nthawi ya mapemphero.”

Patapita masabata atatu katunduyo anafika pa shapa, minibasi yochokera ku Lichinga, atakhala pakati pa matumba a nyemba. Helena anawerengera agogo ake zolembedwa pabokosi, kuti n'zoyenera anthu a zaka zinayi mpaka makumi asanu ndi anayi kudza zisanu ndi zinayi.

“Ndiye kuti ine zanditsalira zisanu ndi chimodzi,” anatero gogoyo. “Hezekiya, usazengereze monga mwa khalidwe lako.”

Mmisiriyo anatulutsa tebulo pakhonde. Kabuku ka malangizo kamene kanali m'bokosimo anakaponya pambali, amvekere iwo sangaphunzitsidwe kumanga ndi pepala. Anatenga levulo yawo yakale yoonera kuwongoka kwa khoma, nakoka ulusi ngati pamaziko enieni, ndipo ankadumphitsa mfundo za tinjerwato monga mmene ankachitira ndi zootcha, kuti khoma lisang'ambike. Zala zinali zouma, tinjerwa tina tinkagwera pansi nkhuku n'kumatijompha, koma anthu odutsa anamva chinthu chimene anali atachiiwala: a Hezekiya akuimba mluzu pantchito. Anamanga masiku anayi. Khoma lina analigumula kawiri chifukwa cha kupendama kumene ankakuona iwo okha.

Tsiku lachisanu, dzuwa lili paliwombo, ananyamula nyumbayo pathabwa kupita nayo kwa amayi awo. Inali yofiira pansi, yachikasu pamwamba, yokhala ndi khonde lam'mwamba. A Yudita anawauza kuti aiike pachipupa cha khonde, iyang'ane kunyanja. Anaizungulira ndi ndodo yawo, kuisuzumira uku ndi uku ngati munthu wogula mbuzi.

“Khitchini ili kuti?”

“Kuseri, amama.”

“Yachepa. Masitepe ndi angati?”

“Khumi ndi anayi.”

Gogoyo anaika zala ziwiri pa sitepe yoyamba n'kuyamba kuziyendetsa, akuwerenga mokweza. Pa yachisanu ndi chiwiri anaima kuti apume. Helena anabisa nkhope m'chitenje.

“Ikanakhala ya njerwa zenizeni, ndikanakwera ndi mawondo ati?” anatero zala zitafika pamwamba. “Iyi ndakwera ndekha, wopanda wondigwira mkono.”

Kenako anawerama, natsinzina diso limodzi, naika linalo pakawindo kam'mwamba. Kuwala kunkadutsa m'kanyumbako kuchokera kukhonde lake. Anakhala chiweramire kanthawi, a Hezekiya ataima pambuyo pawo chipewa chili m'manja, mtima uli m'mwamba ngati mwana wodikira zotsatira za mayeso.

“Bwato la msodzi Wiliyamu ilo likubwera,” anatero a Yudita. “Ndaliona lisanafike.”

Misozi ya a Hezekiya inangoti mbwembwembwe mpaka m'ndevu. Amayi awo anawongoka n'kuwagwira patsaya ndi dzanja lonunkhira chinangwa.

“Wachedwa, mwanawe, koma wamanga. Tsopano pukuta mamina, anthu angayese foni ija inanena zoona.”