Buku Lomwe Linkachirikiza Tebulo

Akazi anga akhala mzamba kuyambira ndisanamere imvi, ndipo theka la ana a m'dera lathu linafika padziko pano kudzera m'manja mwawo. Ine ndine dalaivala wa basi ya ana a sukulu, ndiye iwo amawalandira, ine n'kumawanyamula. Tinkakhala mwamtendere mpaka tsiku lomwe anaganiza zobwerera kusukulu kukatenga digiri, kuti azikaphunzitsa azamba atsopano miyendo isanawathere mu wodi.

Maphunziro ena onse ankangowameza. Lomwe linawakola pakhosi ndi limodzi lokha, la masamu a ziwerengero, lija eni ake amati sitatisitiki. Ulendo woyamba analephera. Kusukuluko anawauza mosapsatira kuti mwayi watsala umodzi: achite kafukufuku wawo, asanthule manambala ake pa pulogalamu ya pa kompyuta, kenako adzabwereze kusanthulako aphunzitsi akuona. Akalepheranso, za digiri aiwale.

Lamulo lobwerezalo linabwera chifukwa ophunzira ambiri ankangopereka manambala awo kwa akatswiri a m'tauni n'kudzalandira zophikaphika. Mlamu wanga, mchimwene wawo wa akazi angawo, anabwera ndi nzeru yomweyo. Anati akudziwa munthu woti angawachitire zonse, iwo adzangoloweza podina.

"Achimwene, ine sindinabereketsepo mayi ndi manja obwereka," anayankha akazi anga. "Imwani tiyi wanu, akuzizira."

Vuto linali buku. Laibulale ya kusukulu inali ndi limodzi lokha lophunzitsa pulogalamuyo, ndipo nthawi zonse linkakhala kuti latuluka. Amene analibwereka ayenera kuti ankalitsamira pogona. M'masitolo a mabuku munadzaza a momwe mungalemerere msanga ndi a momwe mungachepetsere mimba. Poti ine ndikatula ana m'mawa ndimangokhala mpaka nthawi yoweruka, ndinati ntchito yosaka andisiyire. Anandilembera dzina la pulogalamuyo pa kapepala, ndipo ndinayenda nako mpaka kanada ndi thukuta.

Potsiriza ndinafika kwa a Fumbi, bambo wina wogulitsa mabuku akale pakhonde la sitolo yotsekedwa kuseri kwa depoti. Dzinalo anawapatsa ndi makasitomala, chifukwa ukangotsegula buku lawo umayetsemula. Anafwanthula makatoni onse, osapeza kanthu. Ndikutsanzika, kapepala kaja kanandipulumuka, ndipo nditawerama kuti nditole ndinaona chibuku chonenepa pansi pa mwendo wa tebulo. Pamsana pake panali dzina lomwelo.

"A Fumbi, nanga ili?"

"Limenelo si malonda, achimwene. Umenewo ndi mwendo wa tebulo."

Ndinathamangira ku basi n'kukatenga chipika chomwe ndimatsekera tayala poimika pamtsetse. Tinasinthanitsa. Tebulo linakhazikika kuposa kale, ine n'kunyamuka ndi buku lokhala ndi dzenje pachikuto, pomwe mwendo unakhala zaka zambirimbiri. Tsiku limenelo ndinayendetsa basi chifuwa chili patsogolo.

Kunyumba ndinapeza mwana wathu wachisamba, yemwe amagwira ntchito ku banki ndipo amadziona ngati ndi iye anapanga kompyuta. Anatsegula tsamba loyamba, n'kuyang'ana chaka, n'kuyamba kuseka mpaka kugwira khoma.

"Ababa, bukuli ndi mkulu wanga. Pulogalamuyi yasintha kambirimbiri chilembereni."

Tsoka ilo, ankanena zoona. Buku limati dinani pamwamba chakumanzere, koma pa laputopu ya amayi ake pamenepo panalibe chilichonse. Zithunzi za m'bukumo ndi zomwe zinali pa sikirini sizinkadziwana n'komwe. Akazi anga anayesa masana onse a Loweruka, kenako anavula magalasi n'kutikita maso. Zinandiwawa kwambiri, ndipo ndinapsera mtima a Fumbi, olemba bukulo, ndi mwana wanga yemwe, ngakhale kuti palibe amene anandilakwira.

Ndinali nditalinyamula kale kuti ndikalibweze pansi pa tebulo pomwe akazi anga anandigwira mkono.

"Taimani kaye, bambo. Timabokosi totuwati n'tachiyani?"

M'munsi mwa tsamba lililonse munali kabokosi kotuwa, ndipo m'katimo munali mizere ingapo ya mawu odukaduka, mabulaketi ndi madontho. Anatsegula malo olembapo pa pulogalamuyo n'kukopera mzere umodzi ndi zala ziwiri, chilembo ndi chilembo. Atadina batani, ndandanda wa manambala unatulukira pa sikirini mwaulemu wake. Wachisamba uja anasiya kuseka. Anafotokoza kuti malo odina amawasunthasuntha ngati mashelefu a mu supamaketi, koma mawu olamula pulogalamuyo sasintha kawirikawiri, kungoti anthu ambiri amachita nawo ulesi.

"Ndiye ife tizilemba," anatero amayi ake.

Kuyambira pamenepo laputopu inasanduka mwamuna mnzanga. Ikangotsegulidwa pa tebulo lodyera, ine ndinkaiwalika. Nditaona kuti nsanje sindipindula nayo, ndinakoka mpando n'kudzilemba ntchito yowerenga. Iwo maso pa mabatani, ine chala pa kabokosi kotuwa, n'kumatchula mokweza: "Tsegulani bulaketi. Dzina la ndandanda. Mpatuliro. Tsekani bulaketi." Sindinkamva tanthauzo la chilichonse, koma ndinkawerenga ndi mawu a munthu wodziwa. Chimodzi chokha ndinachigwira msanga: akazi anga amatsegula bulaketi n'kuiwala kutseka, monga momwe amachitira ndi kabati ya kukhitchini, ndipo kompyuta ikatero imalalata ndi zilembo zofiira.

Buku limakuuza chochita koma silikuyankha ukafunsa. Wachisamba anawasonyeza malo ena pa intaneti pomwe anthu ophunzira masamu amenewa amafunsana mafunso, ena a mayiko akutali. Akazi anga analemba funso lawo loyamba ngati akulembera apongozi. Anayamba ndi moni, n'kufunsa za moyo wa onse ndi mabanja awo, n'kupepesa chifukwa chowasokoneza pa ntchito zawo.

"Amayi, kumeneku sapatsana moni. Mumangofunsa basi."

"Ndiye aphunzirira kwa ine."

Amene ankayankha kawirikawiri anali munthu wina wodzitcha Kadzidzi. Sitinadziwe ngati ndi mwamuna kapena mkazi, nkhalamba kapena ayi. Mayankho ake ankakhala aafupi ngati mawu amachita kugula, koma ankalasa penipeni.

Kafukufuku wa akazi anga anali wofuna kuona ngati amayi oyamba sikelo mimba ikadali yaing'ono amabereka ana olemera bwino kuposa amayi oyamba mochedwa. Atalowetsa manambala onse a ku wodi kwawo, analamula kompyuta kuti ipeze avereji ya kulemera kwa ana pobadwa. Ine ndinawerenga, iwo analemba, mabulaketi onse anatsekedwa. Kompyuta inayankha kuti makilogalamu khumi ndi limodzi.

Akazi anga anayang'ana nambalayo.

"Mwana wa makilogalamu khumi ndi limodzi ndikanamukumbukira," anatero. "Mayi akenso akanandikumbukira."

Tinaseka, koma kuseka kwake kunali kwa mantha, chifukwa tsiku la mayeso linali litayandikira ndipo sitinkadziwa pomwe palakwika. Anabwereza, yankho lomwelo. Analembera a Kadzidzi, moni woyamba monga mwa masiku onse. Yankho linabwera la mzere umodzi: kwanuko mumalemba chiyani mwana akakhala kuti sanayezedwe?

Akazi anga anagwira pakamwa. Ku wodi kwawo, kuyambira kalekale, mwana akabadwira panjira kapena sikelo yoyezera ana ikafa, salemba mzere kapena kusiya mpata. Amalemba 99, chifukwa mkulu wa anamwino wakale ankati mpata wosalembedwa ndi chizindikiro cha ulesi. Mzamba aliyense akaona 99 amadziwa kuti mwanayo sanayezedwe. Kompyuta yokha ndi yomwe inali isanagwirepo ntchito mu wodimo, ndiye inkawerenga ana onsewo ngati matumba a simenti. Mawu oiuza kuti 99 si kulemera ndinawapeza ndine, chakumapeto kwa bukulo, ndipo avereji inatsika n'kukhala ya mwana wa munthu. Akazi anga atathokoza, a Kadzidzi anayankha kuti, "Moni amayi. Zikomo, kuno tili bwino." Akazi anga anamuitana wachisamba kuti adzawerenge yekha.

Tsiku la mayeso ndinatula ana kusukulu, n'kuimika basi pamthunzi, n'kupita. Ophunzira anali atandandalika pa benchi mukhonde, ambiri a msinkhu wa ana athu. Mtsikana wina anatuluka m'chipinda choyeseramo akupukuta maso. Anzake atamuzungulira, anati kompyuta ya m'menemo aikamo mtundu watsopano wa pulogalamuyo pa nthawi ya tchuthi, ndipo zonse zasuntha. Aphunzitsi anamupatsa nthawi yoti afufuze, koma mutu unali utaima kale.

Akazi anga anandigwira malaya.

"Bambo, ndikuopa."

"Inu mwatulutsapo ana otsogoza miyendo magetsi atazima. Chikuopseni ndi chiyani m'menemo?"

Ndinalankhula ngati wolimba mtima. Ataitanidwa anandisiyira bukulo, poti mabuku sankaloledwa. Chitseko chinali ndi kagalasi pakati, ndipo sichinkatsekeka bwino, ndiye ndinaima pomwepo ngati mlonda.

Aphunzitsi anali atatu, wapakati mayi wa magalasi okhuthala. Zomwe zinali pa kompyuta zinkaonekanso zikuluzikulu pakhoma. Akazi anga anakhala pansi n'kuyang'ana pamwamba pa sikirini, pomwe pamakhala malo odina aja. Anayang'ana kamodzi kokha. Kenako anakankhira mausi, kachipangizo kodinira kaja, pambali ngati mbale yomwe athana nayo, n'kutsegula malo olembapo opanda kanthu, n'kuyamba ndi zala zawo ziwiri zija. Milomo yawo inkagwedera, ndipo ndinazindikira kuti akutchula mawu anga omwe aja: tsegulani bulaketi, dzina la ndandanda, mpatuliro.

Anadina batani. Khoma lonse linafiira.

Ine ndinaliona vutolo ndili panja. Bulaketi yomaliza panalibe. Ndinayamba kupinda dzanja m'mwamba kuseri kwa galasi, kujambula bulaketi mumpweya, mpaka ophunzira a pa benchi anayamba kuyang'anizana. Akazi anga sanacheuke n'komwe. Anakonza magalasi, n'kuika chala pa sikirini, n'kuyenda nacho pang'onopang'ono mzere wonse. Atafika kumapeto anapukusa mutu monga amachitira akapeza kabati ili pululu, n'kutseka bulaketiyo. Manambala anatsika pakhoma m'mizere yake.

Mphunzitsi wina anafunsa chifukwa chake ana ena sakuwerengedwa nawo. Akazi anga anafotokoza za 99, ndipo onse atatu anaseka, wina n'kulemba kenakake. Mayi wa magalasi uja anafunsa kuti manambalawo akutanthauza chiyani kwa munthu wa mu wodi.

"Akutanthauza kuti amayi oyamba sikelo msanga akubereka ana olemerapo, ndipo kusiyanaku n'kwakukulu moti sitinganene kuti zangochitika mwamwayi," anayankha. "Sindikunena kuti sikelo yokha ndiyo ikunenepetsa ana, mwina amayi amenewa alinso ndi zina zowathandiza. Koma zimenezi ndakhala ndikuzimva m'manja ndikanyamula ana. Lero ndikutha kuzisonyeza kwa munthu amene sanawanyamule."

Apo ndinachoka pagalasi, chifukwa maso anali atayamba kuchita zachibwana.

Chitseko chitatseguka anatuluka awiri, akazi anga ndi mayi wa magalasi uja. Nkhope ya akazi anga inanena yokha kuti akhoza. Mphunzitsiyo anayang'ana chomwe ndinakumbatira pachifuwa.

"Ndi limeneli? Akuti kulemba malamulo aphunzira m'buku. Ine ndinaphunzirira lomweli, ndipo langa linasowa kalekale. Mayi, mungatibwereke kuti ophunzira enawa aonemo?"

"Si langa," anatero akazi anga. "Funsani eni ake. Analipeza ndi iwowa, ndipo aliwerenga lonse mokweza."

Ine sukulu sindinapite nayo patali. Anthu andibwerekapo jeke, sipanala ndi mawaya olizira batire, koma chibadwire palibe amene anandibwerekapo buku, ndipo woyamba anali mphunzitsi wa ku yunivesite, pamaso pa akazi anga omwe anali atangokhoza kumene. Ndinanyada, sindibisa. Ndinapukuta chikuto ndi mkono wa malaya, dzenje lija n'kulisisita pang'ono, n'kulipereka ndi manja awiri.

"Tengani, amayi," ndinatero. "Koma muwauze asamapinde masamba, ndipo akamaliza libwerere kunyumba. Akazi angawa ayamba kuphunzitsa posachedwa, tizilifuna."