Mauthenga anga pa chingwe choyanikira

Lero m'kalasi sindinamve chilichonse chifukwa cha maloto amene ndadzuka nawo.

Ndinalota mauthenga onse amene ndimalembera mnzanga Tadala pa foni ya amayi atayanikidwa pa chingwe ngati zovala. Anali onyowa, akudontha inki, ndipo uliwonse unali ndi kaloko kozizira. Pansi pake panali tebulo la ku ofesi ya boma, ndi bambo wovala tayi amene nkhope yake sinkaoneka. Anayanula uthenga umene ndinadandaulamo kuti akuluakulu anadzajambulitsa pa mjigo wathu wosatulutsa madzi.

"Ndi wokiya umenewo," ndinatero, mawu akutuluka ngati a mwanapiye.

"Wokiya, inde, mwanawe. Koma mnzako anaujambula n'kuutumiza ku gulu la pa foni." Anamenya chidindo. "Nambala iyi inalembetsedwa ndi chiphaso cha ndani?"

Kenako amayi anatulukira atasenza ndowa, dzina lawo litalembedwa pachipumi. Anagwada, nati, "Ine ndi kulemba komwe sinditha, bwana." Ndinafuna kukuwa kuti ndine, koma m'kamwa munadzaza mchenga.

Kodi alipodi munthu amene amawerenga zolemba za ana asukulu? Sindikudziwa. Tadala akulumbira kuti sanatumize kulikonse, ndipo ndikumukhulupirira. Komabe ngakhale nditafufuta kwanga, kwake zitsala.

Nditaweruka amayi anandipatsa foni. "Sucheza ndi mnzako lero?"

Ndinawauza malotowo, ndi kuti zonse zimene ndimalemba zimayenda m'dzina lawo. Anandisendezera mpando.

"Khala apa, mwanangu. Undiwerengere, ndimve zimene ndakhala ndikunena."