Mbuya Salira

Kalenga atamwalira, Mabvuto sanapeze mpata wolira. Akanaupeza kuti? Iye ndi Mngoni wa ku Chipata, malemuyo anali Mbemba wa ku Kasama, ndipo pamaliro a Mbemba, Mngoni ndi mbuya. Amasonkha moto, amanyamula bokosi, amanyoza womwalirayo mpaka anamfedwa aseke. Ndiwo mwambo wa chimbuya, ndipo Mabvuto anaugwira mosanyinyirika. Kumanda anagogoda bokosi n'kufunsa ngati aikamo kamba wa nyama ya nyani, amene Abemba amati kolwe, kuti mnzakeyo asafe ndi njala m'njira. Anthu anaseka misozi ili m'maso. Iye anabwerera kwawo kukomboni ya Kaunda Square osagwetsa msozi ngakhale umodzi.

Awiriwa anayamba kuimba limodzi ali anyamata. Kalenga ankaliza gitala, Mabvuto ankatsogolera mawu, ndipo nyimbo zawo zinali zotonzana zokhazokha: uyu wodya mbewa, uyo wodya anyani. M'mabala a ku Chelstone ndi m'maukwati ankawadziwa ndi zimenezo. Palibe ankadziwa kuti mkazi wa Mabvuto atamuthawa, Kalenga ndiye ankabwera m'mawa uliwonse kudzagogoda mpaka mnzake adzuke, asambe, adye.

Tsono chikondwerero cha oimba a m'makomboni chitalengezedwa ku Kabwata, Mabvuto anapeka nyimbo imodzi yopanda mbewa, yopanda nyani. Ankafuna kuima pamaso pa anthu kamodzi kokha n'kunena poyera kuti mnzakeyo ankamukonda, ndipo wamusowa.

Tsikulo dzuwa linaswa mtengo. Kunaimba kwaya ya amayi a ku Makeni, kenako anyamata oimba nyimbo zovina za kalindula amene ng'oma yawo inang'ambika nyimbo ili pakati. Woitana oimba anali Chloe, mtsikana wa ku Woodlands wolankhula ngati ali pa wailesi. Mabvuto anamukokera pambali.

"Mwana wanga, ukaniitana osakamba vambili. Ukambe chabe ati ni nyimbo ya malilo."

"Osada nkhawa, ba tate, nizakonza."

Anakonzadi, kukonza kwake kwa mbuzi m'dimba. Anakuwa pa chimkuzamawu: "Manje tilandile ba Mabvuto, ba mbuya ba malemu ba Kalenga! Ba Bemba mulipo? Konzekani, lelo muzachimva!"

Bwalo lonse linaphulika. Mabvuto anakwera pansanja atakolekera gitala ya Kalenga, imene iye ankangoidziwa pang'ono. Anadikira kuti phokoso lichepe, koma silinachepe. Anayamba choncho.

"Kalenga mnzanga, m'mawa wacha, pakhomo panga palibe wogogoda..."

Anthu anaseka. Sikuti anali ankhanza ayi; ankangodziwa kuti Mabvuto amayamba mwachisoni dala kuti nyani akatulukira agwetse anthu. Mwamuna wina kutsogolo anakuwa, "Ibwela, ibwela! Yembekezani chabe!" Mabvuto anatseka maso n'kupitiriza, ndipo mzere uliwonse unalandiridwa ndi chikhakhali choposa cha woyamba.

Amayi atatu a pamsika, Abemba okhaokha, anakwera pansanja ndi paudala wa makanda. Anamuthira kumutu, kumaso, m'khosi, monga amachitira ndi mbuya, uku akululutira. Mabvuto anayera mbuu. Misozi imene anaisunga kuyambira kumanda inatsika n'kulemba mizere m'paudalamo.

"Onani, alila! Uyu mudala ni actor!"

Mtima unamupweteka kwambiri, mpaka anakwiya. Anatsegula maso kuti awauze kuti akhale chete, kuti aka si kasewero. Pomwepo anaona Nsofwa, mkazi wa malemuyo, amake Mpundu, atakhala pamzere woyamba m'zovala zake zakuda. Mayiyu chiikire mwamuna wake anali asanatulukepo m'nyumba, ndipo anali ataonda mpaka mafupa a m'khosi kuonekera. Tsopano ankaseka, atagwira nthiti, nsonga ya chitenje ili pakamwa. Mwana wake wamkazi ankangomuyang'ana modabwa.

Mabvuto anasiya gitala ilendewere. Kunatsala ndime imodzi, yomwe ankaifunitsitsa kuposa zonse. Anaimeza. Anapukuta mphuno mokokomeza, n'kuloza kumwamba.

"Ba Bemba, namvela ati kumwamba ba kolwe bonse bathaba! Kalenga afika na mbale na mpeni!"

Anthu anagwa m'mipando. Anawapatsa nthabwala zina zitatu, anavina pang'ono ngati wolumidwa ndi linthumbu, n'kutsika m'manja mukuwombedwa.

Nsofwa anamupeza kuseri kwa nsanja, akupumirabe m'mwamba ndi kuseka.

"Ba mbuya, natotela, zikomo kwambili. Kuchokela pa malilo sininasekepo. Ise tonse tinagwa, imwe chabe ndimwe muli na mtima wolimba."

"Ni nchito yanga, bana Mpundu."

"Koma ija nyimbo munayamba, yenze monga yabwino. Isila bwanji? Kumapeto ikamba chani?"

Mabvuto anayang'ana nkhope yake yowala ija.

"Ilibe kosilila. Nenze kusobela chabe."

Nsofwa anamumenya kakhofi paphewa, paudala n'kufuka, ndipo anapita ndi mwana wake. Pansanja panakwera gulu la achinyamata okhala ndi zimkuzamawu zazikulu, zogonthetsa m'khutu. Mabvuto anapita pampopi wa kuseri kwa holo, anawerama, n'kuyamba kusamba kumaso. Paudala unachoka msanga, koma iye anakhalabe chowerama, madzi akuthothoka, mapewa akugwedezeka.