Khadi la mu Paipi ya Mbaula

Khadi la chakudya linali m'dzina la Jasim, poti pofika kumsasa wa othawa nkhondo ku Bekaa kuchokera kwawo ku Deir ez-Zor iye ndiye analembedwa kuti ndi mutu wa banja. Koma mutuwo utakwatira mkazi wachiwiri, kamtsikana kotchedwa Nawal, unasamukira ku tenti ya kumtunda kwa msasa. Khawla, mkazi woyamba, anasiyiridwa ana atatu ndi apongozi, Hajja Fidda. Bulangete Khawla anapereka kwa Jasim, ketulo anapereka, koma khadi anakana kwamtuwagalu. Mpunga, mphodza ndi mafuta a ana ake zinkachokera m'menemo.

Jasim anabwerapo kangapo kudzasanthula. Anang'amba matiresi, anapisa m'thumba la ufa, osalipeza. Khawla anali atalikulunga m'kansalu n'kulilowetsa mu paipi ya utsi ya mbaula ya dizilo, poti nyengo yotentha palibe wamisala amene amayatsa mbaula. Ankalitulutsa pongopita kugolosale, ndipo mumtima ankadzitama nayo nzeru imeneyi.

Tsiku lina akuchokera kokumba mbatatesi, dzuwa likuswa mtengo, anaona utsi pamwamba pa tenti yake. Analowa chothamanga. Hajja Fidda anali khale pafupi ndi mbaula, miyendo ili tambalale.

"Mayi, mwayatsa mbaula? Kutentha konseku?"

"Mawondowa, mwanawe, akundipha. Kapena masiku ano nkhalamba iziyamba yapempha kwa mpongozi isanawothe moto?"

Khadi linatuluka litapindika ngati tsamba louma. Kugolosale makina analikana katatu, ndipo mwini golosale anaseka mpaka kutsokomola.

"Amake Rima, mwaliwotcha bwino zedi! Langotsala mchere basi."

M'mawa mwake Khawla anaima pamzere ku ofesi ya chithandizo mpaka miyendo kuchita dzanzi. Mtsikana wa pazenera analitembenuza khadilo ndi nsonga ya cholembera.

"Latsopano tikupatsani, mayi, si nkhani. Koma abwere mwini wake."

"Eni ake ndi ana anga."

"Pakompyuta pano palembedwa Jasim. Anamwalira?"

"Ali moyo, akunenepa."

"Munasudzulana? Kalata yakukhoti muli nayo?"

"Ayi."

"Ndiye abwere. Wotsatira!"

Anapirira masiku anayi. Lachisanu mpunga unatha, ndipo anakwera mtunda uja mwamanyazi. Ankayembekeza kutukwanidwa, koma Jasim anamulandira ndi manja awiri, mpaka kuuza Nawal kuti awathirire tiyi mayi aakulu. Anavomera nkhani isanathe n'komwe. Apa mpamene Khawla anayamba kuchita mantha.

Patsiku lotenga khadi, Jasim anabwera atavala malaya ositasita, tsitsi lili nyezinyezi. Anasaina, anamwetulira mtsikana wa pazenera, ndipo envelopu ya khadi ndi nambala yake yachinsinsi inaperekedwa m'manja mwake. Atatuluka panja Khawla anatambasula dzanja. Jasim analiyang'ana dzanjalo, n'kuika envelopu m'thumba la malaya, n'kumanga batani.

"Bambo a Rima, khadi la ana."

"Iwe zinthu zimakupsera. Azisunga Nawal."

"Nanga ana adya chiyani?"

"Mtundawu wauona kuti ndi waufupi. Uzibwera ndi kambale, ukapempha bwino akupatsa."

Khawla anabwerera pazenera paja. Mtsikana uja sanadzutse n'komwe mutu. Anangoti khadi laperekedwa kwa mwini wake, nkhani yatha.

Kutenti anapeza mbaula ili zii, Hajja Fidda akumanga zovala zawo m'nsalu.

"Mayi, ulendo wa kuti?"

"Kumtunda. Ine ndimakhala kumene kuli chakudya cha mwana wanga."

Anasenza mtolo wawo, ndipo pakhomo anatembenuka.

"Unkayesa ndine wakhungu eti? Mwezi ndi mwezi ukamapita kugolosale dzanja lili bii ndi mwaye. Wochenjera amasamba m'manja, mwanawe."

Khawla anafuna kutukwana. Zaka ziwiri anawasambitsa mayi amenewa, kuwapaka mafuta m'miyendo, kuwasiyira mbali yofewa ya buledi. Chidani chimene anamva chinamuopsa iye mwini. Anaima pakhomo, ana ake atatu atamuzungulira, akuyang'ana agogo awo akupita.

Mawondo aja anakwera mtunda wonse osapumira.